Agalu oyendayenda m'matauni mwathu: ntchito ya khonsolo ndi iti, nanga kuwombera kumathandiza?

Nkhani ya agalu oyendayenda timaikamba pokhapokha mwana walumidwa basi. Kukangomveka kuti ku Bangwe kaya ku Area 25 galu waluma ana akupita kusukulu aliyense amapsa mtima, ndipo mawu amakhala omwewo chaka ndi chaka, akuti khonsolo ikugona, akuti angobwera ndi mfuti awombere onse tione ngati vutoli silitha. Mkwiyowo ndi womveka ndithu, palibe kholo lomwe lingaone bala pa mwendo wa mwana wake nkuyamba kaye kuganizira za galu. Koma mfuti yomwe timaitanayo si yachilendo kuno, yakhala ikulira zaka zambirimbiri, agalu sanathe ndipo chiwewe sichinathe. Nde pakufunika tikambe bwinobwino mmene ntchitoyi imayenera kuyendera, ndani wagwira mbali iti, ndi pomwe zinthu zikumathera.

Choyamba chomwe chimasokoneza anthu nchoti galu mmodzi yemweyo ali m'manja mwa maofesi angapo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo, aja timati ma by-law, pa nkhani za ukhondo, misika, zinyalala komanso kasungidwe ka nyama m'dera lawo. Ndekuti funso loti munthu angasunge ziweto zanji pa poloti yake mtauni, galu azikhala mumpanda kapena ayi, wopezeka akuyendayenda atani naye, limenelo ndi la khonsolo. Koma galu yemweyo akadwala chiwewe nkhani yasamuka, yapita ku vetenale, nthambi yoona za umoyo wa ziweto yomwe ili pansi pa unduna wa zaulimi, ndipo iwo amayendera lamulo lina lothana ndi matenda a ziweto. Munthu wolumidwayo ndi wa unduna wa zaumoyo. Mwini galu akakana kulipira chipatala kapena pakakhala nkhanza kwa nyama, poti lamulo loteteza nyama ku nkhanza liliponso, apo mpofunika apolisi ndi khoti. Kenako pali mabungwe osamalira nyama omwe si a boma, LSPCA ku Lilongwe, BSPCA ku Blantyre, Mission Rabies, omwe kunena zoona ndi amene akusenza katundu wambiri.

Mukaona mndandanda umenewu mutha kuganiza kuti galu wa ku Malawi ndi woyang'aniridwa kwambiri. Zomwe zimachitika ndi zosiyana. Ukapita ku khonsolo kukadandaula za gulu la agalu lomwe lakhazikika pa mtaya wa kumsika akuuza kuti za agalu nza a vetenale, ukafika ku vetenale akuti ife tilibe galimoto olo mafuta, komanso za mumsewu nza khonsolo, ndipo onse awiri sakunama kwenikweni, aliyense akuwerenga mbali yake ya lamulo. Paja tisaiwalenso kuti kuyambira 2005 mpaka chisankho cha 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, zaka zonsezo panalibe anthu osankhidwa oti akhale pansi nkukonzanso malamulo a m'mizinda, pomwe mizindayo imangokula, Mbayani, Mtandire, Chinsapo, Machinjiri kukudzaza anthu ndi agalu awo omwe. Ndalamanso za khonsolo zimachokera ku misonkho ya nyumba, ziphaso za m'misika ndi malayisensi a bizinesi, zomwe sizikwana olo kutolera zinyalala mokwanira, nde galu pa bajeti amakhala kumapeto kwenikweni ngati alipo nkomwe.

Tsopano funso lomwe kwa ine ndi mutu wa nkhani yonse, agalu timawatcha osowa mwiniwa, alibedi eni ake? Mu 2015 a Mission Rabies, bungwe lomwe linayambitsidwa ndi dokotala wa ziweto wa ku UK dzina lake Luke Gamble, anagwirizana ndi a vetenale komanso BSPCA nkubaya katemera agalu 35,216 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha ogwira ntchito. Sanangobaya, amalembanso galu aliyense pa foni, pomwe wapezeka, wamwamuna kapena wamkazi, ali ndi mwini kapena ayi. Atawerengera anapeza kuti mzindawu unali ndi agalu pafupifupi 45,500, kutanthauza galu mmodzi pa anthu 18 aliwonse. Koma chachikulu nchoti agalu oposa 9 mwa 10 aliwonse anali ndi pakhomo pawo. Galu uja mumamuona usiku akufukula bini, mmawa amakagona pakhonde pa munthu, ali ndi dzina, ana apanyumbapo amamudziwa ndipo akamuitana amabwera akugwedeza mchira.

Izi zimasintha chilichonse. Kumayiko a azungu galu wa mumsewu amakhala wotayika kapena wotayidwa, nde njira yawo ndi kumugwira, kumuika mu khola la khonsolo, kudikira mwini wake masiku angapo, akapanda kubwera kumupezera banja lina. Kwathu kuno galu ndi mlonda. Munthu amamusunga kuti aziuwa akuba akabwera, amamupatsa mkute kapena phala la madeya zikapezeka, zikasowa galuyo akadzionere yekha, ndipo usiku amamumasula dala poti ndiyo nthawi ya ntchito yake. Nyumba zambiri za m'makomboni zilibe mpanda wa njerwa, olo utafuna kumutsekera umutsekera pati. Ndekuti vuto lathu kwenikweni ndi agalu a eni ake omwe sakudyetsedwa mokwanira, sanabayidwe, sanafulidwe ndipo akuswana mmene akufunira. Khonsolo yomwe ikukonza mapulani ngati ikulimbana ndi nyama zakutchire yalakwitsa kale poyambira, amene ikuyenera kulankhula naye ndi mwini galu uja ali mnyumba.

Chifukwa chomwe sitingainyozere nkhaniyi ndi chiwewe. Bungwe la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, pafupifupi onse amawatenga kwa galu, ndipo 4 mwa 10 aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Ana ndi amene amasewera ndi agalu, ndi afupi nde amalumidwa kumaso ndi m'manja, komanso amabisa akakandidwa poopa kukalipiridwa. Kachilomboka kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kupita ku ubongo, kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu, bala linapola kalekale aliyense anaiwala, kenako mwana wayamba kutentha thupi, kubwebweta, kuopa madzi. Zizindikiro zikangoyamba palibenso mankhwala. Kafukufuku wina yemwe Dr Macpherson Mallewa ndi anzake anachita pa chipatala cha Queens, yemwe anatuluka mu 2007, anapeza kuti mwa ana 133 omwe anamwalira ndi matenda ogwira ubongo, 14 chinali chiwewe, ndipo mwa ana 26 omwe madokotala ankati afa ndi malungo a mu ubongo atatu anapezeka kuti chinali chiwewe. Taganizani, apo ndi pa chipatala chachikulu pomwe pali akatswiri, nanga kumudzi komwe mwana amangoikidwa mmanda anthu nkumati kunali kulodzedwa.

Njira yakale yomwe ambiri tinakula tikuidziwa ndi ija akuluakulu amati tie-up order. Chiwewe chikabuka m'dera amalengeza pa wailesi kapena pa chimkuzamawu kuti kuyambira tsiku lakuti agalu onse amangidwe, wopezeka akuyendayenda awomberedwa. Pa pepala zikumveka, ndipo kumanga agalu pa nthawi ya mliri nkothandizadi poti kumachepetsa kulumana. Pomwe pamavuta mpa kuwombera. Galu amene amapezeka msanga ndi mfuti ndi uja wozolowera anthu, wosathawa, yemwe mwina ndi amene anabayidwa katemera miyezi itatu yapitayo, pomwe wamantha uja wosagwirika amalowa m'ngalande nkupulumuka. Mwini wake wa galu wophedwayo sakhala opanda mlonda, sabata yomweyo wakatenga kamwana kagalu kwa mnzake kapena wagula pamsewu, kosabaya, mwinanso kochokera kudera komwe kuli matenda. Ena akangomva chilengezo amathawitsira agalu awo kwa achibale kumudzi, kusamutsa chiwewe ndi manja awo. Nde mwachotsa galu wotetezedwa mwaikapo wosatetezedwa, ndipo anthu omwe mumafuna kuti chaka chamawa adzabweretse agalu awo ku katemera tsopano akuona wa vetenale ngati mdani.

Palinso nkhani ya chakudya. Kuchuluka kwa agalu pamalo kumatsatira zomwe angadye pamalopo, zotsala za m'malesitilanti, mafupa a pa chiwaya, zamkati za nkhuku ndi mbuzi zotayidwa kuseri kwa msika, matewera a ana, zinyalala zomwe zakhala milungu osatoledwa. Mukapha agalu 50 pa msika koma mulu wa zinyalala uli pomwepo, otsalawo amadya bwino, tiana tawo tambiri timapulumuka, ena amabwera kuchokera mbali zina. Zili ngati kukapa madzi pa chitsime cha m'dambo, ukabwera mawa wapeza chadzadzanso. Pa chilumba cha Bali ku Indonesia chiwewe chitalowa mu 2008 akuluakulu anayamba ndi kupha agalu ochuluka zedi ndi poizoni, matendawa anafalikirabe chilumba chonse ndipo anthu oposa 100 anafa, zinayamba kutsika pomwe anayamba katemera wa agalu onse mu 2010. WHO inanena kalekale kuti palibe umboni woti kupha agalu pakokha kunachepetsapo chiwewe. Sindikunena kuti galu wachiwewe kapena woluma anthu mobwerezabwereza asiyidwe ayi, ameneyo aphedwe ndithu, mwachangu komanso mosamuzunza. Chomwe ndikukana ndi kupha mwachisawawa nkumati tagwira ntchito.

Chomwe chimagwira ntchito ndi nambala ija mumaimva kawirikawiri, agalu 70 mwa 100 aliwonse abayidwe chaka chilichonse. Ambiri amadabwa kuti bwanji osati onse, nanga bwanji chaka chilichonse pomwe katemera wabwino amatha kuteteza kupitirira chaka. Nkhani yake ili apa, chiwewe sichifala mwaliwiro ngati chikuku, galu mmodzi wodwala amapatsira mnzake mmodzi kapena awiri asanafe, nde mukatchinga gawo lalikulu la agalu unyolowo umaduka wokha. Koma agalu athu sakhalitsa, ambiri amafa asanakwane zaka zitatu, kugundidwa ndi galimoto, matenda, njala, poizoni wa aneba, ndipo m'malo mwawo mumabadwa atsopano osabaya. Ndekuti mukabaya 70 lero pofika chaka chamawa nambalayo yatsika yokha, koma imakhala isanatsike kufika poti matenda angayambirenso. Mukadumphitsa chaka chimodzi kapena ziwiri poti ndalama sizinabwere, mwabwerera pomwe munayambira. Ku Blantyre mu 2015 muja anafika pa 79 mwa 100, ndipo madokotala a pa Queens analemba pambuyo pake kuti ana obwera ndi chiwewe anachepa kwambiri m'zaka zotsatira.

Amene munaonapo tsiku la katemera pa bwalo la sukulu ya pulayimale mukudziwa mmene zimakhalira. Mzere umayamba mmamawa ndipo ambiri pamzerepo ndi ana, anyamata a zaka 10, 12, wina wamanga galu wake ndi waya wa magetsi, wina ndi lamba wa thalauza, wina luzi, mtsikana wanyamula tiana tinayi m'beseni lochapira, tina tili m'katoni ya sopo mitu ili panja. Agalu akuuwana, fumbi lili koboo, obaya katemera a malaya achikasu aja akugwira mmodzimmodzi, jakisoni pakhosi, kapenti pamphumi kuti adziwike kuti uyu wabayidwa, kenako kakhadi komwe mwanayo amakapinda bwinobwino nkuika m'thumba la kabudula. Zonsezi mwaulere. Mu 2015 muja ku Blantyre agalu 23,442 anabwera okha chonchi ndi eni ake, ndipo 11,774 anawapeza poyenda khomo ndi khomo. Atafufuza kuti amene sanabwere analepheranji, chachikulu chinali mtunda, munthu sangakoke galu wosazolowera chingwe ulendo wautali kudutsa misewu ya magalimoto, ena galu wawo sagwirika, ena sanamve uthenga. Nde m'zaka zotsatira anachulukitsa malo obayira nkuwaika pafupi ndi anthu, ntchito inayamba kutha m'masiku ochepa ndi anthu ochepa. Apa mpomwe ndimaona kuti Amalawi sakana kusamala agalu awo, ukawafikitsira pafupi komanso osawalipiritsa amabwera.

Tibwere ku nkhani ya malo osungirako agalu, poti ena amati bwanji khonsolo isamange khola lalikulu nkuwatolera onse. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa agalu 45,000 aja a mu Blantyre mutangotola mmodzi mwa 10 aliwonse ndi agalu 4,500 oti adye tsiku lililonse, amwe madzi, wina akolope makola, wina awabaye, odwala apatulidwe, olusa akhale paokha, ndipo galu wosamalidwa bwino amatha kukhala zaka 10 kapena kuposa. Khonsolo yomwe ikuvutika kugula dizilo wa galimoto ya zinyalala singakwanitse, ndipo khola lopanda ndalama limasanduka malo ozunzirako nyama, agalu kudyana okhaokha ndi kupatsirana matenda. Komanso kunjaku eni ake aja akatenga ena.

Olo mayiko a ndalama zawo nkhaniyi ikuwapweteka mutu. Ku Turkey mu July 2024 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lokakamiza makhonsolo kutolera agalu a mumsewu nkuwaika m'malo osungira, dziko lomwe boma limati lili ndi agalu otere pafupifupi 4 miliyoni pomwe malo omwe analipo amakwana agalu 100,000 ndi kakuti. Anapatsa makhonsolo mpaka 2028 kuti amange malowo ndipo mameya onyozera atha kumangidwa, anthu anachita zionetsero poopa kuti mapeto ake ndi kupha basi. Ku India kuyambira 2001 lamulo limati khonsolo igwire galu, imuchite opaleshoni kuti asaberekenso, imubaye katemera, nkumubwezera pomwe inamutenga. Pa 11 August 2025 khoti lalikulu la dzikolo linalamula kuti agalu onse a m'misewu ya Delhi atoleredwe m'masabata 8, koma pa 22 August lomwelo oweruza ena a khoti lomwelo anasintha nkunena kuti abwezedwe akachitidwa opaleshoni ndi kubayidwa, kupatula achiwewe ndi olusa, poti zinaonekeratu kuti malo owasungira kulibe.

Sikuti malo osungira alibe ntchito. Amafunika, koma ang'ono komanso a ntchito yodziwika, galu woluma munthu yemwe akufunika kumuyang'anira, wogundidwa ndi galimoto, wolandidwa kwa munthu wankhanza, tiana totayidwa m'ngalande. Pano ntchito imeneyi akugwira ndi mabungwe aja ndi ndalama za anthu akufuna kwabwino. Udindo wa khonsolo pamenepa ndi kukhala ndi mgwirizano wolembedwa ndi mabungwewo, kuti tikagwira galu tipita naye kwa inu, tilipira zakuti, asungidwa masiku akuti, komanso kuyendera malowo pamodzi ndi a vetenale kuona ngati nyama zikudya, ngati zolemba zilipo zoti analowa angati, anatengedwa angati, anaphedwa angati ndipo chifukwa chiyani. Chifukwa munthu wina aliyense atha kutsegula malo nkumati ndikupulumutsa agalu, kujambula zithunzi zomvetsa chisoni pa Facebook nkumalandira ndalama za kunja, popanda womufunsa.

Pa kuchepetsa kuswana, njira yake ndi opaleshoni. Galu wamkazi amakhala ndi bere miyezi iwiri yokha, amaswa ana asanu, asanu ndi mmodzi nthawi zina kuposa, ndipo amayamba asanakwane olo chaka. Kufula wamwamuna nkosavuta komanso nkotchipa koma sikuchepetsa kwenikweni chiwerengero, poti mphongo imodzi yotsala ikwanitsa akazi a dera lonse, chofunika kwambiri ndi kutseka akazi, yomwe ndi opaleshoni yeniyeni yofuna dokotala, mankhwala ogonetsa ndi zida zoyera. Anthu ambiri amakana kufula poti amati galu wofula amakhala waulesi sauwanso akuba, koma zoona zake amauwabe, chomwe amasiya ndi kusowa pakhomo masiku atatu akuthamangira akazi nkubwera ndi mabala. Vuto lina ndi la madokotala, dziko lino lakhala ndi madokotala a ziweto ochepa kwambiri kwa nthawi yaitali poti onse amakaphunzira kunja, sukulu yawo ku LUANAR yayamba zaka za posachedwapa, ndipo alangizi a ziweto omwe ali m'madera nthawi yawo yambiri imathera pa ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku zomwe ndi chuma cha anthu. Nde tisanamizane kuti opaleshoni ithetsa chiwewe, imeneyo ndi ntchito ya zaka, katemera ndiye wachangu. Amphaka nawo amaswana kuposa agalu ndipo amatha kupatsira chiwewe akakanda kapena kuluma, koma poti anthu ena amawaganizira zaufiti amangowagenda osaganiza zowabayitsa.

Pali mbali ina yomwe ndi ya khonsolo yokhayokha ndipo siifuna dokotala. Anyamata ogulitsa tiana ta agalu m'mphepete mwa misewu ya mu Lilongwe, atatinyamula m'mwamba padzuwa tsiku lonse, tina tosayenera nkomwe kuchoka kwa make, palibe khadi la katemera, wogula sakudziwa komwe tachokera, amangotsitsa galasi la galimoto nkupereka ndalama poti ana akulira kumbuyo. Kagalu kotere kakhoza kulowetsa chiwewe mpaka kuchipinda chogona ana. Kwinaku kwabwera fasho ya agalu akuluakulu olusa, ma boerboel, ma pitbull, ma rottweiler, anthu akuweta kuti azigulitsa, ena amawatsekera m'kakhola kamdima tsiku lonse dala kuti akhale aukali. Tsiku lomwe geti yasiyidwa yotsegula amene amavulala ndi wantchito wapakhomo, mlonda, mwana wa aneba kapena mayi wogulitsa masamba, anthu omwe sangathe kulimbana ndi bwanayo ku khoti. Apa mpofunika lamulo la khonsolo lomveka bwino, mpanda wotani, chikwangwani pa geti, woweta agalu ogulitsa akhale ndi layisensi, chindapusa chomwe munthu wa ndalama angachimve kuwawa.

Za kalembera ndi layisensi ya galu aliyense ndili ndi maganizo awiri. Kalembera ndi wofunika, sungayang'anire chinthu chomwe sukudziwa kuchuluka kwake. Koma khonsolo ikangoiona ngati njira yotolera ndalama zatha, mayi wa ku Ndirande yemwe akuvutika kupeza ya ufa sangalipire layisensi ya galu, adzangoti si wanga ameneyo amangobwera, ndipo tsiku la katemera sadzamubweretsa poopa kufunsidwa risiti. Bola khadi la katemera laulere lija likhale layisensi yake, mafumu a m'matauni ndi makomiti a m'madera azidziwa kuti nyumba iyi ili ndi agalu angati ndipo anabayidwa liti, ndalama zizichokera kwa oweta ogulitsa, makampani a zachitetezo omwe ali ndi agalu ambiri, ndi zindapusa za osasamala.

Munthu akalumidwa zoyenera kuchita ndi izi, ndipo khonsolo imayenera kumazilengeza mpaka aliyense aziloweze. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osathira mchere, dothi kapena ubweya wa galuyo monga ena amanenera, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. M'malo ambiri amakutumizani kaye ku vetenale kukatenga kalata yonena za galuyo musanalandire katemera wa anthu, nde ngati mwini galu ali ndi khadi litengeni. Majakisoni ake ndi angapo pa masiku osiyana ndipo mpofunika kumaliza onse. Galuyo ngati akudziwika musathamangire kumupha, amangidwe masiku 10, akakhalabe bwinobwino ndekuti pa tsiku lomwe analumalo sanali wopatsira matenda, koma inu musadikire masikuwo musanapite kuchipatala. Ngati waphedwa kale kapena wafa yekha musamutaye m'chimbudzi, itanani a vetenale atenge mutu ukayezedwe, poti zotsatirazo ndi zomwe zimawauza kuti m'derali mwalowa matenda ndipo pali ena olumidwa ofunika kuwasaka. Kungoti ulendo umenewu wa vetenale, chipatala, kubwereranso kawiri katatu, nthawi zina nkupeza katemera watha, ndi umene umagwetsa ulesi anthu osauka. WHO inawerengera kuti kuthandiza munthu mmodzi wolumidwa kumadya pafupifupi madola 108, pomwe kubaya galu mmodzi ndi madola ochepa chabe.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri nchoti zabwino zonse ndafotokoza za ku Blantyre, zomwe zinafalikiranso ku Zomba, Chiradzulu ndi maboma ena a kummwera, zaima pa ndalama za kunja. Maiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu, ndipo pa 28 September chaka chilichonse timaguba ndi zikwangwani, koma bungwe likadzasintha mapulani kapena opereka ndalama akadzatopa, ndi khonsolo iti mwa makhonsolo athu yomwe ili ndi mzere wa katemera wa agalu mu bajeti yake, mafuta a njinga zamoto, mafiriji osungira katemera, malipiro a obaya? Mexico inali ndi anthu 60 ofa ndi chiwewe cha agalu mu 1990, boma lawo linayamba kubaya agalu mwaulere dziko lonse chaka ndi chaka ndi ndalama zake, maboma a m'zigawo ndi makhonsolo akugwira nawo, pofika 2006 panalibenso wofa, ndipo mu 2019 WHO inalengeza kuti ndi dziko loyamba kutsimikiziridwa kuti lathana nalo vutoli. Agalu a mumsewu ku Mexico alipobe mpaka lero ambirimbiri, koma ndi obaya. Makhansala athu akamakambirana bajeti ya chaka chamawa, funso loti tiwafunse ndi lakuti pa ndalama zomwe atolera m'misika ndi pa nyumba zathu aika zingati pa katemera wa agalu ndi pa kuchotsa zinyalala kuseri kwa misika, ndipo ndani pa khonsolopo yemwe tingamuimbire foni galu akaluma mwana.